Chaka Chimene Tinakwirira Malata

Ndili ndi kope lachikuto chobiriwira limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku ndili Fomu 1. Masamba ena anamatana chifukwa cha madzi, choncho ndikukopera zimene zikuwerengeka ndi kuwonjezera zimene ndikukumbukira. Ine sindiyankhulayankhula. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi ndimangoyang'ana pansi. Koma za chaka chimenecho mtima wanga sunatsikebe.

Tinali atatu: achimwene anga a Fanuelo, ine Lusiya, ndi mng'ono wanga Tadala amene anali ndi zaka zisanu. Mayi athu anafika kuno ali kumsana kwa amayi awo, pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondo itatha ambiri anabwerera, koma ena anatsala pamalo amene mpaka lero timangoti Pamsasa, kufupi ndi Milonde. Kuno munda umachokera kuchikazi, ndiye mayi athu, popeza abale awo anali kutsidya, analibe munda. Bambo ankathyola tiyi ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani. Atamwalira bambo, akampani anatiuza kuti nyumba ndi ya munthu wogwira ntchito. Tinabwera Pamsasa n'kumakhala m'kachisakasa, ndipo mayi anamwalirira momwemo.

Okutobala

Bungwe lina losamalira ana amasiye linatimangira nyumba. Inali ya njerwa zowotcha, zipinda ziwiri, denga la malata owala moti pochokera ku Milonde masana ankathobwa m'maso. Bungwe lomwelo ndilo linkandilipirira fizi kusekondale. Tsiku lopereka makiyi, Bambo Chikopa, amene ankayendera dera lathu pa njinga yamoto m'malo mwa bungwelo, anatiimika pakhonde.

"Malamulo ndi awiri basi. Mtsikanayu asajombe kusukulu. Ndipo panyumbayi musachotsepo kanthu, ngakhale msomali. Lata limodzi likangosowa, fizi yathera pomwepo. Wamva, Fanuelo?"

"Ndamva, bwana."

"Usamati bwana. Ine ndine mnzako."

Malo omangapo anatipatsa ndi a Zuze, mkulu wa mwendo umodzi amene anathawira limodzi ndi agogo athu. Mwendo winawo anausiya kutsidya ataponda bomba lokwirira. Anatibwerekanso kachigawo ka munda wawo. Tsiku limenelo anthu onse ankaomba m'manja, koma iwo anangoyedzamira ndodo yawo n'kumayang'ana kudenga.

"Likuwala kwambiri," anatero.

"Nsanje imeneyo, madala," achimwene anawaseka.

"Nsanje ya chiyani? Ine ndinagonapo m'nyumba ya malata iwe usanabadwe. Ndangoti likuwala."

Novembala

Mvula yoyamba inagwa masana. Tadala anali asanamvepo mvula ili pa malata, ndiye anadzitseka makutu n'kubisala kumbuyo kwanga. Kenako anayamba kuvina. M'kope ndinalemba kuti, lero kwagwa mvula yambiri ndipo mphasa ndi youma. Ndinalemba kawiri.

Tinabzala chimanga, pakati pake nandolo, m'mbali chinangwa. Feteleza tinalibe. Achimwene anati akalembedwa ganyu yothyola tiyi, monga zinkakhalira nthawi ya mvula, tidzagula wa pambale kumsika.

Disembala

Mvula inadula. Mitambo inkaunjikana paphiri m'mawa, pofika masana yabalalika. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Tinabzalanso mbewu imene a Zuze anatigawira. Tiyi nayenso sanaphuke, choncho kapitawo ankabweza anthu pageti. Achimwene ankapita m'mawa uliwonse n'kubwerako mame asanaume.

Tinayamba kudya kamodzi patsiku. Mango aawisi tinkawaphika. Mitengo yonse ya Pamsasa inathothoka mango asanapse.

Januwale

Kumsika wa Milonde ndalama imene kale inkagula ndowa ya chimanga tsopano inkagula chigoba chimodzi, nachonso chophwanyidwa pansi kuti chisadzaze bwino. Madeya amene anthu ankapatsa nkhumba anayamba kugulitsidwa pambale. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati chimanga chadzaza m'nyumba zosungiramo katundu za mavenda ku Chitakale, akudikira kuti chikwerenso. Ena ankati kutsidya ganyu akulipira makaka, chinangwa chouma chija. Amuna anayamba kuwoloka mtsinje wa Ruo ndi makasu.

Kenako tinamva kuti kukubwera chimanga chaulere, thumba pa banja mwezi uliwonse mpaka kukolola. Akomiti ya m'mudzi anayenda khomo ndi khomo kusankha olandira. Ndinasesa pabwalo, ndinamusambitsa Tadala, ndinayala mkeka pakhonde. Ndinkaganiza kuti ngati Pamsasa pali ana oti asankhidwe, ndife.

Anadutsa osaima. Anakaima kwa a Pindani, amene ali ndi mbuzi ndi njinga yonyamula anthu, koma denga lawo ndi laudzu. Achimwene anathamangira wapampando wa komiti, Mayi Namakhwa, amene ankapemphera mpingo umodzi ndi malemu mayi athu.

"Mayi, mwatidumpha."

"Sitinakudumpheni, mwana wanga. Pa malata sitiima."

"Malatawo tinagula ife? Simunaliko tsiku la makiyi? Simunavine?"

"Ndinavina, inde. Koma lamulo labwera ndi eni ake chimanga. Iwo akabwera kudzaona ngati tasankha bwino, safunsa mbiri ya munthu. Amaima pamsewu n'kuyang'ana madenga. Akapeza kuti talemba nyumba ya malata, amati komiti yadya ziphuphu, mudzi wonse ulandidwa. Ukufuna Pamsasa ponse pagone ndi njala chifukwa cha inu atatu?"

Ine ndinali nditaima pafupi, nditagwira tsache. Madzulo ake ndinalemba mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala: anatipatsa nyumba chifukwa ndife osauka, ndipo atimana chimanga chifukwa tili ndi nyumba.

Febuluwale

Mvula inabweranso, yochuluka tsopano, yokokolola mizere. Chimanga chobzala kachiwiri chinali chisanafike m'chiuno. Tinkadya kalongonda, mtundu wa nyemba, amene ndinkamuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuphikanso, kuopa kuti angatiledzeretse. Kusukulu ndinkapitabe tsiku lililonse chifukwa cha lamulo lija, koma zolemba za pabolodi zinkasambira m'maso mwanga. Tadala anasiya kusewera. Tsitsi lake linafiira, mapazi anayamba kutupa. Ndikadina ndi chala pamwamba pa phazi, pankatsala kadzenje.

Mayi Namakhwa anamuona kuchitsime. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikokera pambali.

"Mabanja awiri asamukira kutsidya, malo awo pa mndandanda wa chimanga atseguka. Ine sindikukuuzani chochita. Ndikungoti pa malata sitiima."

Achimwene anakawauza a Zuze, amene anawapeza akusenda nthochi zosakhwima. Anamva zonse osadabwa.

"Zimenezo si zachilendo," anatero. "Nthawi ya nkhondo asilikali akafika m'mudzi ankayambira nyumba za malata. Ankati m'menemo ndimo muli mwini chuma. Ndiye tikamva kuti akubwera tinkazula tokha malata, kukulunga m'masamba a nthochi, kukwirira kudimba. Akadutsa, kufukula. Anga ali komweko mpaka lero, sindinapeze mpata wokafukula."

"Koma a Chikopa anati likasowa limodzi…"

"Wagulitsa? Sunagulitse. Wasunga. Chikopa wakoyo wabwera liti kuno chiyambire njala? Njinga yake imaopa matope. Puronto, nkhani yatha, katenge hamala."

Achimwene anandiyang'ana ine, chifukwa fizi inali yanga. Ine ndinayang'ana mapazi a Tadala n'kugwedeza mutu kuti inde.

Tinazula tsiku limene kunacha kopanda mvula. Achimwene ali pamwamba, ine ndikulandira pansi, a Zuze atakhala pachitsa akulamula. "Pang'onopang'ono, iwe! Ukung'amba bowo!" Misomali ndinaitolera m'chitini. Malata tinawakulunga n'kuwakwirira pakati pa nthochi za a Zuze. Anthu ankadutsa panjira, kuona, n'kutembenuzira nkhope kwina. Palibe anafunsa.

Chimene sitinachiganize bwino ndi chofolera. Udzu wofolera amamweta mu Juni ndi Julayi. Mu Febuluwale kuthengo kuli wauwisi wokhawokha. Tinafolera ndi masamba a nthochi, matumba akale ndi pulasitiki amene tinapempha. Mvula yotsatira inalowa monse. M'pamene kope langa linanyowa. Tinkagona chokhala, titaunjikana pakona.

Eni ake chimanga anabwera pagalimoto yoyera. Mmodzi anatsika, anayang'ana denga lathu la masamba ovunda, anamuyang'ana Tadala, n'kunena kuti, "Awa ndiye oyenereradi." Anali Tadala yemweyo, mapazi omwewo, amene mwezi wathawo sanali woyenera. Tinalandira thumba la chimanga, nyemba pang'ono ndi ufa wa phala la ana. Achimwene anasenza thumba kuchokera pabwalo la sukulu osatula paliponse. Patatha masabata awiri kadzenje ka paphazi kanasiya kutsala, ndipo Tadala anayambanso kundivutitsa ndi mafunso.

Malichi

Msewu utauma pang'ono, njinga yamoto inalira. Bambo Chikopa anaima pabwalo, anavula chipewa chawo cholimba chija, n'kuyang'ana kumwamba.

"Fanuelo! Malata anga ali kuti?"

"Alipo, bwana."

"Alipo kuti? Ku Milonde? Wamwera mowa? Anthu inu mulibe kuthokoza. Kukuchotsani m'chisakasa, mwabwezeretsa chisakasa pamwamba pa njerwa zathu!"

Achimwene anatenga khasu, natitsogolera ku nthochi, nayamba kukumba. Malata anatuluka onse, amatope, dzimbiri litayamba m'mabowo. A Chikopa anawawerenga kawiri. Nkhope yawo inasintha, koma sanapepese.

"Munakwiriranji?"

Achimwene anafotokoza zonse, za komiti, za galimoto yoyera, za mapazi a Tadala. A Chikopa anapuma mozama.

"Ndamva. Koma Lachisanu kukubwera akuluakulu a bungwe kuchokera ku Blantyre kudzaona nyumba zimene tinamanga. Apeze malata ali pamwamba. Akapanda kuwapeza, ine ntchito yandithera, ndipo mtsikanayu teremu yamawa asapite. Komanso musaganize zodzazulanso tikachoka. Ndiziti ndikadutsa ndizisuzumira."

"Tikakhoma atichotsa pa chimanga," anatero achimwene. "Taganizani. Kwatsala miyezi iwiri kuti m'munda mukhwime."

Pamenepo ndinayankhula. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri.

"Bambo, bwanji inuyo mukawauze a chimangawo kuti nyumbayi munachita kutipatsa?"

Anatembenuka ngati kwayankhula mbuzi.

"Wati chiyani, Lusiya? Kweza mawu."

Ndinabwereza.

"Aa, mwana wanga, amenewo ndi ofesi ina. Ife ndi a malo ogona ndi maphunziro. Za chakudya ndi za anzathuwo. Sitingalowerere ntchito za eni ake."

Mawu amenewo ndiwo amandipsetsa mtima kuposa njala yeniyeniyo. Maofesi awiriwo ali kuboma, msewu umodzi. Njinga ya a Chikopa inkadutsa pakhomo pa anzawowo tsiku lililonse. Panangofunika munthu mmodzi wovala nsapato kuti atsike, agogode, anene chiganizo chimodzi. Ndinapita ndekha kwa Mayi Namakhwa kukapempha zomwezo. Anati, "Iwo aja amamva za ine? Amangoona denga, mwana wanga."

Lachitatu tinakhala pakhonde tonse atatu. Chimanga cha m'thumba chinali chitatsala pansi penipeni.

"Achimwene, musakhome," ndinatero. "Sukulu ndidzayamba chaka china."

"Chaka chiti? Ndani anasiya sukulu Pamsasa pano n'kudzayambiranso? Tchula mmodzi."

Achimwene anapitiriza:

"Ine ndinasiyira Sitandade 6 kuti ndizidyetsa inu. Iwenso usiye, ndiye ine ndinasiyiranji? Bweretsa chitini cha misomali."

"Nanga Tadala adya chiyani?"

"Ndiwoloka. Anzanga akubwerako ndi makaka."

A Zuze atamva anamenya ndodo pansi. "Agogo ako anayenda masiku ambiri m'thengo, mwana kumsana, kuti inu musadzabadwire uko. Lero iwe ukubwerera ndi khasu chifukwa cha denga?"

"Nkhondo inatha kalekale, madala."

"Inatha, eya. Nanga bwanji tikukwirirabe malata?"

Achimwene anaseka, koma a Zuze sanaseke.

Anakhoma Lachinayi. Lata likazulidwa silibwereranso pamabowo ake akale. Anayesetsa kulondoloza, koma ena anang'ambika, ena sanagwirizane ndi mitengo, ndiye anaboola atsopano. Ndinatsuka matope ndi chiguduli. Dzuwa lisanalowe Mayi Namakhwa anatuma mwana kudzatiuza kuti malo athu pa mndandanda wa chimanga apatsa banja lina.

Lachisanu alendo anabwera pagalimoto ziwiri. Anandiuza kuti ndivale yunifolomu ndi kunyamula buku. Mayi wina wonunkhira bwino anandigwira paphewa.

"Ndiye mukugona bwino tsopano, eti?"

Ndinayang'ana pansi. A Chikopa anati, "Ndi wamanyazi ameneyu. Yankha, Lusiya."

"Sitikunyowa," ndinatero. "Koma tikugona ndi njala chifukwa cha malatawa."

Mayiwo anaseka, anzawo nawonso anaseka. "Tamumvani! Akuti malata sadyedwa. Mwanayu ndi wochenjera, adzakhala loya." Sanafunse kuti ndikutanthauza chiyani. Anatijambula titaima pakhonde, anamupatsa Tadala mabisiketi, anakwera galimoto kupita kunyumba ina.

Loweruka m'mawa achimwene anamanga khasu ndi bulangete panjinga yobwereka. Anandipatsa makiyi.

"Uzikhoma. Ukaphika kalongonda usachite ulesi kutaya madzi. Ndibwera chimanga chikamauma."

Tadala anawathamangira mpaka pa mtengo wa mango wa kunjira. Anabwerera akulira kuti amukaniza kukwera.

Epulo

Anthu analandira matumba awo pabwalo la sukulu yapulaimale. Njira yanga yochokera kusekondale imadutsa pomwepo. Ndinadutsa nditayang'ana kumbali. A Pindani ananyamula thumba lawo panjinga, ndipo ndinamva kuti theka anakagulitsa ku Milonde.

Achimwene anatumiza makaka kudzera kwa munthu wina wa njinga. Ndinkasinja mumtondo ndisanapite kusukulu. A Zuze ankatigawira kuchokera m'thumba lawo, mbale imodzi masiku ena, akunamizira kuti mano awo sakufunanso chakudya chambiri. Tadala ankakhala nawo masana ine ndili m'kalasi. Tinayamba kukazinga chimanga chachiwisi chisanakhwime bwino, ngakhale ndinkadziwa kuti tikudya zokolola zathu zomwe.

Fizi ya teremu yachitatu inalipiridwa pa nthawi yake. A Chikopa anandipeza kusukulu n'kundifunsa ngati ndikulimbikira. Ndinati inde. Anati, "Fanuelo ali bwanji?" Ndinati ali kutsidya. Anati, "Anyamata a masiku ano sakhazikika."

Meyi

Tinakolola ine ndi Tadala, a Zuze akusenda makoko atakhala pansi. Zonse zinakwana m'madengu ochepa, zisononkho zazifupi ngati dzanja la mwana. Mitengo kumsika inatsika, anthu anayambanso kuseka mokweza pachitsime. Amuna ambiri amene anawoloka anabwerako, akuda ndi owonda. Ndinkafunsa aliyense. Wina anati anawaona achimwene akupita mkati kwambiri, kumene kuli minda ikuluikulu, chifukwa kufupi ndi malire ganyu inatha. Wina anati anadwala malungo koma anachira. Makaka anabweranso kamodzi, ndi uthenga wapakamwa woti tisadandaule.

Nandolo anakhwima mu Ogasiti, tinathyola tokha. Chaka chinatha, china chinabwera. Uthenga womaliza unati anapeza ntchito yolondera munda wa munthu wina, ndipo adzabwera akapeza ya ulendo. Pano ndili Fomu 3. Tadala anayamba sukulu, ndipo akamajambula banja lathu amajambula anthu awiri ndi mkulu wa ndodo.

Anthu odutsa panjira amaloza nyumba yathu n'kumati ana aja ndi amwayi. Chithunzi chathu ndinachiona pakhoma mu ofesi ya bungwe nditapita kukasayinira yunifolomu. Tilipo atatu, malata akuwala pamwamba pathu, ndipo achimwene abisa kumbuyo dzanja limene anadzicheka pokhoma.

Mabowo akale aja sanatsekeke. Ndinayesa phula, ndinayesa sopo, ndinayesa pulasitiki wosungunula. Mvula ikayamba, ine ndi Tadala timadziwa poika beseni, poika poto, poika chitini chija cha misomali. Bowo lalikulu kwambiri lili m'chipinda chachiwiri, pamene lata linang'ambika tsiku lozula, ndipo madzi ake amagwera pomwe achimwene ankayala mphasa yawo. A Zuze anandiuza kuti ndiitane munthu adzasinthe latalo. Ndinakana. Anakhoma ndi achimwene, adzakonza okha akabwera. Mphasa yawo ndinaipinda n'kuiimika pakona pouma.